Ulendo wa ku Kasungu: Za Mwana Wopita Kutsidya kwa Nyanja ndi Abale Ake Otsala

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda ku dziko la Kasungu m'nyengo ya Adventi, mvula yoyamba itagwa, anthu ali pakalikiliki kuwokera fodya. Tinapita kukacheza ndi akristu a pa tchalitchi china chaching'ono cha kumudzi, koma tinabwerako ndi nkhani ya nyumba imodzi, imene tiganiza kuti iyenera kumveka m'nyumba zanu zonse, pakuti ikhudza ana, ndipo palibe mudzi wopanda ana amasiye.

Tinanyamuka ku Lilongwe mbandakucha pa galimoto, kutsata mseu waukulu wopita kumpoto. Kuchokera ku Lilongwe kufika pa boma la Kasungu pali mtunda wa mamailosi pafupifupi 80. Tinapitirira Kanengo, pamene pali msika waukulu wa fodya, ndipo tiri pa Lumbadzi tinaona ndege irikukwera kuchokera pa bwalo la Kamuzu, nilowa m'mitambo. Sitinaisamale konse nthawi imeneyo, koma madzulo ake tinaikumbukira. Titadutsa Mponela ndi Madisi tinaoloka mtsinje wa Bua, madzi ake ali psuu ndi dothi la m'minda, ndipo titapitirira Chinkhoma, pamene alimi a kuno agulitsa mabelo awo, tinayamba kuona phiri la Kasungu litaima lokha pakati pa chidikha, monga mlonda woyang'anira minda.

Dziko la Kasungu ndi lathyathyathya ndi lotakata, dothi lake lamchenga, lokonda fodya, mtedza ndi chimanga. Ponseponse muona zigafa zazitali zofolera ndi udzu, zodikira masamba amene adzathyoledwa, kusokedwa ndi kupachikidwa m'menemo mvula ikamapita kumapeto. M'mbali mwa madambo muli manazale, amene anthu anafesa mwezi wa Sepitembala, nawathirira ndi makeni m'mawa ndi madzulo dzuwa lirikuswa mtengo. Tsiku limene tinafika, amuna, akazi ndi ana anali atawerama m'mizere, wina kuboola phando, wina kuponya mbande, wina kutsendera dothi. Mbande zowokeredwa dzulo lake zinali zitagona pansi zofota, ngati zakufa. Koma mlimi sada nazo nkhawa, adziwa kuti pakapita masiku owerengeka zidzadzuka.

Kuti mumvetse nkhani imene tinaipeza, muyenera kuyamba mwadziwa m'mene anthu ambiri anafikira kuno. M'zaka za m'ma 1970, Kamuzu Banda, amene anali mwana wa dziko lomweli la Kasungu, ali pa mpando, maesiteti a fodya anachuluka kwambiri pa chidikhachi. Ntchito inafuna manja ambiri, ndipo mabanja anabwera kuchokera kutali, makamaka ku maboma a kumwera kumene malo anachepa, kudzalowa utenanti. Tenanti ankalandira chimanga pa ngongole chaka chonse, nadikira malipiro ake kufikira fodya atagulitsidwa. Mwini munda akachotsa ngongole, kawirikawiri zotsala zinali zosakwanira ulendo wobwerera kwawo. Nyumba ya Malamulo inaletsa utenanti pa chaka cha 2021, koma mabanja ambiri anali atakhazikika kale kuno, kutali ndi mbumba yawo. Tsono kale mayi akamwalira, atsibweni ndi azakhali ankakhala pansi nagawana ana. Nanga banja lopanda mbale pafupi, likagwa m'tsoka lotere, litembenukira kwa yani?

Titatha mapemphero, katekisti wa pamalopo anatipempha kuti tipite naye kwa mayi wina wokalamba, amene anadza kuno ndi mwamuna wake m'masiku a maesiteti aja. Tinayenda pansi, kudutsa minda, mpaka pa kanyumba ka zidina kokhala ndi nkhokwe yopanda kanthu pambali pake. Katekisti anaodira, nati, "Odi kuno, agogo!" Iwo anayankha ali m'khonde, "Fikani, Aphunzitsi, mwabwera ndi alendo lero." Anatiyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango, ndipo titapatsana moni anayamba kufotokoza.

Mwana wawo wamkazi anamwalira atangobereka mwana wachitatu, wamwamuna, nasiya mtsikana wachisamba ndi mnyamata womponda pamutu. Khandalo linabatizidwa msanga chifukwa onse ankayesa kuti litsata mayi wake. Mkamwini anali kugwira ntchito pa munda wina wakutali, ndipo mkaka wa m'chitini unali wosatheka kuugula. Chotero analipereka ku nyumba ina yolera ana amasiye, ya m'boma lina, kumene linachira ndi kukula. Pa zaka ziwiri agogo ndi adzukulu anakamuona katatu kokha, chifukwa cha ndalama ya ulendo. Pambuyo pake anthu ena a ku Ulaya, mwamuna ndi mkazi wake, anapempha kuti amtenge akhale mwana wawo. Nkhani inayenda nthawi yaitali kwa aboma osamalira ana ndi ku bwalo la milandu. Bambo wa mwana anavomera, agogonso anavomera. Pamene ife tinafika, panali patapita masiku 9 chinyamukire mwanayo pa ndege.

Agogo anati, "Aphunzitsi, ine ndinavomera, sindikana ayi. Ndikanamdyetsa chiyani pano? Koma taonani mdzukulu wangayu, chichokere mlongo wake sandiyankhula, ndiponso kusukulu waleka."

Mtsikanayo, wa zaka 12, anali atakhala kumbali alikusenda mtedza wa mbewu, nkhope ili pansi. Katekisti anamuitana mofatsa, ndipo iye anadza nagwada. Atamfunsa chimene chamvuta, anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anatembenukira kwa agogo ake nati, "Agogo, inu munandiuza kuti akayamba kuyenda bwino tidzakamtenga. Ine ndinamsungira mbale yake." Analowa m'nyumba, natuluka ndi kambale kachitsulo kakang'ono, kotsukidwa bwino ndi mchenga, kamene anakabisa kudenga zaka ziwiri. Palibe amene anamuuza za ku bwalo la milandu. Anamva kwa anzake pa chitsime kuti mlongo wake wapita, ndipo ena mwa iwo anamseka kuti kwawo anagulitsa mwana kwa Azungu.

Mnyamata, wa zaka 7, anali ndi nkhawa yamtundu wina. Usana ankayenda monyada, kuuza anzake kuti mng'ono wake wakwera ndege ndipo adzamtumizira njinga. Koma agogo anatiuza kuti usiku adzidzimuka kutulo, nafunsa ngati alendo aja adzabweranso, ndi kuti akabwera adzatenga yani. Tsiku lina alikudya anaika nsima pansi, nafunsa kuti, "Agogo, bwanji sananditenge ine? Kodi ine ndine woipa?" Taonani, abale, mwana mmodzi alira chifukwa mbale wake anatengedwa, wina alira chifukwa iye anasiyidwa, ndipo onse awiri agona pa mphasa imodzi osadziwa kuti chiwawawa ndi chimodzi.

Nkhani yotenga ana a dziko lino kupita nawo kunja inamveka kwambiri chifukwa cha woimba wina wa ku America, dzina lake Madonna. Mwezi wa Okutobala 2006 iye analoledwa kutenga kamnyamata ka ku nyumba ya ana amasiye ya Home of Hope ku Mchinji, boma lochita malire ndi Kasungu, ndipo bwalo linatsimikiza chilolezocho pa chaka cha 2008. Mwezi wa Epulo 2009 Bwalo Lalikulu linamkaniza kutenga mwana wachiwiri, wamkazi, ponena kuti lamulo lifuna munthu wokhala m'dziko muno. Koma mwezi wa Juni chaka chomwecho Bwalo la Apilo linagamula kuti amtenge. Mwezi wa Febuluwale 2017 anatenganso mapasa aakazi a zaka 4 ku Mchinji komweko. Anthu a ku Kasungu amdziwa mayiyu ndi maso, pakuti pa chaka cha 2013 anadza kudzaona zipinda zophunziriramo zimene bungwe lake la Raising Malawi linathandiza kumanga m'midzi ya kuno pamodzi ndi bungwe la buildOn. Nyuzipepala za dziko lonse lapansi zinatsutsana za milanduyi, ena kuyamika, ena kudzudzula. Koma mawu ambiri anali okamba za wotenga ndi za wotengedwa. Za ana otsala pakhomo sitinamve zambiri.

Pali chinthu china chimene makolo ayenera kuchimvetsa asanadinde chala pa chikalata chiri chonse. Mwa mwambo wathu mwana akapita kukaleredwa kwa atsibweni kapena kwa azakhali, akhalabe mwana wa nyumba imene anabadwiramo. Mfunda wake susintha, ndipo akakula abwerera. Lamulo la boma lotengera ana, limene linayamba pa chaka cha 1949 dziko lino likadatchedwa Nyasaland, silitero ayi. Woweruza akagamula, udindo wonse ndi mphamvu zonse za makolo obereka zichoka kwa iwo ndi kupita kwa makolo atsopano, ndipo sizibwereranso. Eklezia nawonso, m'malamulo awo a chaka cha 1983, aona mwana wotengedwa motsata lamulo la dziko ngati mwana weniweni wa amene anamtenga. Ichi sichifanana ndi kutumiza mwana kusukulu yogonera komweko. Agogo aja anachimva ichi ku bwalo, koma analibe mtima woti achibwereze kwa adzukulu awo.

Tsono katekisti anatulutsa foni yake, pakuti ndi chifukwa chake anatibweretsa. Makolo atsopano aja anali atatumiza uthenga ndi chithunzi kudzera kwa wa boma amene anayendetsa nkhaniyo, ndipo iye anamasulira m'chinenero chathu. Pa chithunzipo kamnyamatako kanali katavala zovala zochindikala za m'dziko lozizira, maso ali tong'o, osamwetulira. Uthengawo sunabise kanthu. Unati mwanayo akana kugona pa bedi lake, alira usiku wonse kufikira atatopa, asunga chakudya m'masaya ngati wina amlanda, ndiponso samva mawu amodzi omwe a chinenero cha kumeneko. Unatinso m'nyumbamo muli mwana wawo wobereka, wamkazi wa zaka 5, amene anadikira mlongo wake watsopano miyezi yambiri ndi chimwemwe chachikulu. Koma pa tsiku lachitatu anambisira nsapato, nafunsa mayi wake kuti mlendoyu abwerera liti kwawo, nayambanso kuyamwa chala chimene anachileka kale. Pomaliza mayiyo anafunsa kuti, kodi pali wina kumudziko amene adziwa chimene chimtonthoza mwanayu?

Apa tinazindikira kuti nyumba zovutika ndi ziwiri, ina pa chidikha cha Kasungu, ina kutsidya kwa nyanja, ndipo m'nyumba zonse ziwiri muli mtsikana amene malo ake agwedezeka. Wa kuno anali ndi msana wodikira mwana, ndipo mwana sanabwere. Wa uko anali yekha pa miyendo ya mayi wake, ndipo tsopano papezeka wina. Nsanje ya kamtsikana ka ku Ulaya si kuipa mtima, monganso kusayankhula kwa mtsikana wa kuno si mwano. Ana alibe mawu ofotokozera mantha awo, chotero awaonetsa ndi zochita.

Katekisti atawerenga funso lija kachiwiri, mtsikana anadzutsa mutu. Anati, "Aphunzitsi, muwauze kuti asamgoneke yekha. Ambereke kumbuyo ndi nsalu, aziyenda naye pang'onopang'ono, akumsisita kuphazi lamanzere. Tsiku lija tinakamuona analira, onse anamlephera, koma ine nditambereka anagona." Anaonjeza kuti phala alikonda lamadzimadzi, ndiponso kuti asamchotsere chakudya m'manja ngakhale wakhuta. Katekisti analemba zonse. Kenaka mtsikanayo analowanso m'nyumba, natenga chitenje chakale cha malemu mayi ake, chimene ankafunda usiku, napempha kuti chitumizidwe. Agogo anafuna kumletsa, pakuti ndi chokhacho chimene anatsala nacho cha mayi ake, koma iye anati, "Agogo, ine amayi ndiwakumbukira nkhope, iye sawadziwa."

Tinakumbukira pamenepo nkhani ya Mose m'Malembo Oyera. Nayenso anatengedwa ali khanda ndi mkazi wa mtundu wina, mwana wa Farao, naleredwa m'nyumba yachilendo ndi chinenero chachilendo. Koma mlongo wake sanachoke m'mbali mwa mtsinje. Anaima patali kuti aone chimene chidzamchitikira, ndipo nthawi itakwana ndiye amene analangiza mkazi wachifumuyo za woyamwitsa mwana. Mulungu sanaiwale mtsikana woima m'bango uja, ndipo anampatsa ntchito. Katekisti anafotokozera ana nkhaniyi, ndipo mnyamata anafunsa ngati Mose anawaonanso abale ake. Anamuyankha zoona, kuti inde anawaona, koma atakula, patapita zaka zambiri. Ndipo kuti za mng'ono wakeyo palibe amene angalonjeze tsiku.

Agogo pamenepo anachita chinthu chovuta kwa munthu wamkulu. Anaitana mdzukulu wawo, nati, "Mayi wanga, ndinakulakwira. Ndinaopa misozi yako, ndipo ndinakunamiza. Mlongo wako sadzabwera kudzakhala pano. Sitinamgulitse, sitinalandire ngakhale tambala. Tinampereka kuti akhale ndi moyo." Ndipo kwa mnyamata anati, "Iwe sanakusiye chifukwa ndiwe woipa. Iwe unali ndi mano odyera nsima, unali ndi ine. Iye analibe bere. Palibe amene adzabwera kudzakutenga." Mtsikana analira kwambiri, kulira kumene sanalire masiku 9 onse aja, ndipo ife tinakhala chete kufikira atatha.

Alimi a fodya adziwa bwino chinthu ichi. Asanazule mbande, ayamba achepetsa madzi masiku angapo kuti zikhwime, zizolowere dzuwa la kumunda. Pa tsiku lozula athirira bedi kwambiri, kuti dothi lifewe ndipo mizu isaduke, ya zozulidwa ndi ya zotsala zomwe. Atazula athiriranso, chifukwa zotsalazo zagwedezeka. Ngati tichita zotere ndi fodya, amene tidzamgulitsa pa okushoni ndi kumuiwala, nanga ana athu? Kusiyana kwake ndi kumodzi: mbande ikafa pa phando mupakiza ina, koma malo a mwana m'mitima ya abale ake sapakizika. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola.

Ana opita kunja ndi owerengeka, koma ana osamuka nyumba chifukwa cha maliro ndi ochuluka m'midzi yathu yonse, makamaka chiyambire matenda a Edzi ndi njala yonga ya chaka cha 2002, imene inasautsa kwambiri dziko la Kasungu. Chifukwa chake malangizo awa ndi a ife tonse.

Choyamba, auzeni ana zoona, molingana ndi msinkhu wawo, mwana asanachoke kapena asanafike. Bodza lotonthoza lero lidzabala chilonda mawa, ndipo ndi bwino amve kwa inu kusiyana ndi kukamva pa chitsime.

Chachiwiri, musanavomere kupereka mwana, yambani mwafunafuna njira yoti akhale pakati pa abale, ndipo akristu a pamudzi athandize ndi ufa, mkaka ndi manja. Zikakanika, pitani kwa aboma osamalira ana, mufunse mpaka mutamvetsa, ndipo musapereke mwana kwa munthu wodza mwamseri ndi ndalama kapena malonjezo. Pemphani kuti makalata ndi zithunzi zizifika, ndipo ngati kutheka abale asalekanitsidwe.

Chachitatu, inu amene mulandira mwana wamasiye m'nyumba mwanu, musadabwe ana anu akachita nsanje masiku oyamba, ndipo musawakwapule chifukwa cha ichi. Apatseni ntchito yothandiza mlendoyo, koma muwasungirenso nthawi yawo pa miyendo yanu. Mbale ikhale imodzi, chofunda chikhale chofanana, ntchito igawidwe mosakondera, ndipo wobwerayo asasanduke wantchito wa anzake. Akabisa chakudya kapena kukodza pogona, dziwani kuti ndi mantha, ndipo atha ndi chifatso. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Yosefe Woyera sanabereke Yezu, koma anamlera, namthawitsira ku Ejipito, namphunzitsa ntchito ya manja ake, ndipo palibe tsiku limene anamuyesa mlendo.

Chachinayi, letsani ana anu kuseka anzawo a m'nyumba zotere, ndipo inunso akulu sungani lilime. Mayi wokalamba amene anapereka mdzukulu wake kuti asafe ayenera chifundo chathu, osati miseche.

Tinatsazika dzuwa litapendeka. Mtsikana anatiperekeza mpaka pa mseu atasenza kaphukusi ka chitenje, nakapereka m'manja mwa katekisti ndi manja awiri. Tinamfunsa za kambale kaja, ndipo anati kuyambira tsopano azidyeramo mlongo wake wotsalayu, pakuti yake inabooka. Analonjezanso kuti Lolemba abwerera kusukulu, kuti aphunzire kulemba kalata yekha popanda womasulira. Pobwerera tinadutsanso m'munda uja wa m'mawa; kunali kutagwa kamvula kowaza, ndipo zina mwa mbande zofota zija zinali zitayamba kudzutsa mitu.

Patapita milungu iwiri katekisti anatitumizira mawu kuti chitenje chinafika, ndipo mayi wa ku Ulaya alikuphunzira kubereka mwana kumbuyo, ngakhale mfundo yake imasuka kawirikawiri. Mwanayo aliranso usiku, koma osati monga kale. Kamtsikana ka kumeneko kanapempha nsalu yakeyake kuti kaberekere chidole, ndipo kanafunsa dzina la mtsikana wa ku Kasungu.

Tikupemphani tsono, akristu okondedwa, kuti mwezi uno, pa Korona ya madzulo m'nyumba zanu, mukumbukire ana onse amasiye, opita kutali ndi otsala, pamodzi ndi amene awalera. Banja Loyera la ku Nazareti, Yezu, Maria ndi Yosefe, lisunge nyumba ziwiri zija, ndi nyumba zanu zomwe.